Hita ya dizilo m'shedi yaikulu: ya chumuni kapena ya mzinga?

Kapitawo_Msasa
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tapatsidwa ntchito yothira epoxy, mankhwala aja onga penti yokhuthala amene amauma gwa pamwamba pa simenti, pansi pa shedi ina kuno ku Msasa, mu Harare, mamita 40 mulitali, 25 mulifupi, denga la malata lili pa mamita 7. Eni ake akufuna kulowetsa katundu Julayi asanathe. Chatipinga ndi chisanu. Ndikafika 6 koloko m'mawa simenti ikumakhala zii ngati mwala wa mumtsinje, pomwe pa chitini analemba kuti osathira ngati pansi pasanafike madigiri 10.

Sabata yatha abwana anabweretsa hita ya parafini, ija yooneka ngati mzinga, yolavula moto kutsogolo. Tinayesera pakona, mamita ochepa chabe, n'kuisiya ikuyaka usiku wonse zitseko zili zotseka. Kutacha tinapeza pansi pachita mbuu ngati pawazidwa ufa, ukagwira pakunanda ngati phula, malata akudontha madzi, ndipo mnyamata amene ndinamusiya kuti aziyang'anira anali atagwira mutu, akusanza. Tsopano kumene timabwereka makina akuti titenge ya chumuni, iwo akuitchula kuti indirect. Lendi yake ndi yokwera, ndipo akuti dizilo imamwa kuposa inayo. Abwana akuti ndi bodza la amalonda, moto ndi moto basi. Alipo anaigwiritsapo ntchito?

Mlonda_wa_Usiku
Tisanakambe za epoxy, mwanayo ali bwanji? Munapita naye kuchipatala?

Kapitawo_Msasa
Tinamutulutsa panja, kenako ndinapita naye kukiliniki. Ali bwino, wabwerera pa ntchito.

Mlonda_wa_Usiku
Mukathokoze kumanda kwanu achimwene. Ine ndalondera m'mafakitale a ku Workington ndi ku Southerton zaka zambiri, ndipo chisanu chilichonse timamva kuti uje wapezeka atauma m'kanyumba ka pageti, mbaula ili pambali, zenera atatseka ndi katoni. Mpweya wakupha wochokera ku motowo, carbon monoxide, sununkha, suoneka, sutsokomoletsa. Umayamba ndi mutu, kenako tulo tokoma. Mwanayo akanangoti ndigone kaye mutuwu usiye, bwenzi lero tikusonkha za bokosi ndi basi.

Safunsa77
Pansi pakunanda ngati phula? Ndiye mwadya phula lenileni akapitawo, dzina langali likanakhala lanu.

Kampopi
A Kapitawo, abwana anuwo kwawo n'kuti? Ngati ndi munthu wakumudzi, afunseni kusiyana kwa fodya wa chikopa ndi wa kampopi. Onse amafuna moto, koma moto wake si umodzi.

Ine bambo anga anachoka ku Kasungu kudzagwira ntchito m'mapulazi a ku Banket, ndipo ndinakulira pakhomo pa balani. Chikopa amachifukiza dala, moto uli pansi, utsi ukukwera kulowa m'masamba, n'chifukwa chake chimada n'kumanunkha utsi. Kampopi ayi. Ng'anjo ili kunja kwa khoma, moto ndi utsi zimayenda m'mipopi yachitsulo yodutsa pansi m'balanimo, n'kukatulukira ku chumuni. Tsamba limangomva kutentha kwa chitsulo, utsi silikuudziwa. Mpopi ukabooka pang'ono, balani yonse yapita, ku okushoni ku Willowvale akakugulani mtengo wa zinyalala. Ndimakumbuka bambo akulowa ndi nyali usiku, atagwada, akumata dothi polumikizira mipopi, thukuta lili kamukamu.

Hita ya chumuniyo ndi kampopi yemweyo, kungoti nkhuni ndi dizilo ndipo mphepo ikukankhidwa ndi fani. Mzinga wanuwo ndi chikopa. Inu mwafukiza epoxy.

Wamakina_Ardbennie
A Kampopi mwaiphera pomwepo. Ine ndingoonjezera za m'kati mwake, poti ndi zimene ndimadyera.

Mu hita ya chumuni muli chigubu chachitsulo chotsekeka. Pampu imakoka dizilo, kumusefa, n'kumupopera kudzera pa nozulo kuti akhale ngati nkhungu, timawaya tiwiri timathetheka, moto wayaka m'chigubumo. Utsi umazungulira m'njira zake n'kutuluka pa chumuni. Fani yaikulu imapemerera mphepo kunja kwa chigubucho, mphepo imatola kutentha, n'kulowa m'paipi yansalu kupita m'shedi. Mphepo yolowa m'nyumba ndi utsi sizikumana.

Tsopano za madzi amene anadontha ku malata. Anthu ambiri sakhulupirira, koma lita imodzi ya dizilo kapena parafini ikapsa imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi, kuphatikiza carbon dioxide woposa makilogalamu awiri ndi theka. Ngati mzinga wanu unamwa malita 40 usiku umenewo, ndiye kuti munathira zidebe ziwiri za madzi m'mwamba mwa shedi yotseka. Nthunziyo inakafika pa malata ozizira ndi pa simenti yozizira, n'kusanduka mame. Epoxy yosauma ikakumana ndi chinyezi pamodzi ndi carbon dioxide, mankhwala oumitsa aja amapanga kachikuku koyera konanda pamwamba. Ndi kamene mwakaonako. Mukathira kote yachiwiri pamwamba pake osakachotsa, idzasupuka ngati khungu la njoka.

Zoti imamwa kwambiri ndi zoona pang'ono. Mzinga umapereka kutentha konse m'nyumba poti utsi womwe ukulowa momwemo. Ya chumuni imataya kwina kunja, pa magawo 100 mumalandira 80 kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi mtundu wake. Koma mzinga kuti usaphe munthu umafuna zitseko zotsekula, ndiye kutentha mwapulumutsako kukutulukira pakhomo.

Chitedze
Ine ndiye ndikukana zonsezi. Harare si London. Ikamakwana 10 koloko dzuwa lawala, anthu avula majuzi. Thirani masana, basi. Kapena auzeni eni shediwo adikire Sepitembala. Chisanu cha miyezi iwiri mpaka kubwereka makina a azungu? Ndalama zikukuyabwani.

Kapitawo_Msasa
A Chitedze, kontilakiti ili ndi tsiku, ndipo tsiku lililonse lopitirira akutidula. Sepitembala ndikamudyera kuti?

Wamakina_Ardbennie
Komanso juzi si simenti a Chitedze. Mphepo imafunda msanga, koma silabu ya pansi pa denga dzuwa siliiona, imasunga chisanu cha usiku mpaka madzulo. Ndipo epoxy siuma pa maola awiri, imafuna usiku wonse ndi kupitirira. Mukathira 12 koloko, 4 koloko m'bandakucha ikadali yanthete, ndiyo nthawi imene kunja kwatsika kufika madigiri 6 kapena 7, kumadambo mpaka udzu kuyera.

Chitedze
Ine ndinapentapo galaja ku Hatfield mwezi wa Juni, palibe chinachitika.

Safunsa77
Galaja ya galimoto imodzi, penti ya mafuta. Achimwene khalani pansi.

NaPhiri_Mabvuku
Ine za epoxy sindizidziwa, koma mahita onse awiri ndawakhalira pafupi. Ndimasoka pa fakitale ina ku Graniteside, shifiti yoyamba 6 koloko. Chaka china anatiikira mizinga iwiri pakati pa mizere. Zala zinkafunda, sindikana, koma pofika 9 koloko maso akuthethetsa, amayi ena a chifuwa cha mphumu akutuluka panja kukapuma, ndipo yunifolomu zoyera za ana asukulu zimene tinkasoka zinkanunkha parafini mpaka wogula anabweza makatoni. Chaka chotsatira anabwereka ya chumuni, anaiimika kunja kuseri kwa khoma, paipi yansalu yaikulu ngati thunthu la mlambe waung'ono inalowera pa zenera. M'katimo kumangomveka mphepo yofunda, fungo ayi. Chodandaula chinali chimodzi, okhala pafupi ndi kamwa la paipi ankapsa, a kumapeto akunjenjemera, ndipo timaulusi tinkauluka paliponse. Mpaka anabweretsa paipi ina yobooka timabowo m'mbali monse, anaikoloweka m'mwamba, m'pamene mkangano wa mipando unatha.

A Kapitawo, fumbi limenelo muliganizire. Ngati ulusi unkauluka, fumbi la simenti lidzatera pa epoxy yanu yonyowa.

Kapitawo_Msasa
Zikomo mayi, limenelo sindinaliganizire. A Wamakina, nanga kukula kwake? Iwo ali ndi ya makilowati 80 ndi ya 150.

Wamakina_Ardbennie
Tengani cholembera. Pali kawerengedwe kongoyerekeza kamene ogulitsa mahita amagwiritsa ntchito. Muchulukitse kukula kwa nyumba ndi madigiri amene mukufuna kukweza, muchulukitsenso ndi nambala ya mmene nyumbayo imatayira kutentha, kenako mugawe ndi 860. Shedi ya malata yopanda siling'i nambala yake ndi 3 kapena 4.

Yanu: 40 kuchulukitsa 25 kuchulukitsa 7, mamita a kiyubiki 7,000. Mukufuna kukweza ndi madigiri 10. Titenge 3. Zikutipatsa 210,000, kugawa ndi 860, makilowati pafupifupi 244. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu yopereka makilowati pafupifupi 10 kwa ola limodzi, ndiye mukachotsa zotayika pa chumuni, muziwerengera malita oyandikira 30 pa ola limodzi. Usiku wa maola 12 ndi malita opitirira 350, dilamu limodzi ndi theka n'kuposa. Onani mtengo wa dizilo umene a ZERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, alengeza mwezi uno, muchulukitse ndi masiku anu, kenako mukawaonetse abwana atakhala pansi, asagwe.

Chitedze
Ndinanena ine.

Wamakina_Ardbennie
Dikirani ndimalize. N'chifukwa chake sitifunditsa shedi yonse. Mphepo yotentha imathamangira kudenga, inu mukufuna simenti. Mukufunditsiranji nkhunda za m'malata? Dulani shediyo m'zigawo zinayi, chilichonse mamita 10 kwa 25. Mangani chisakasa cha mapaipi a sikafodi kapena mitengo, mamita atatu kutalika, muphimbe ndi lona kapena pulasitiki yokhuthala, pamwamba ndi m'mbali. Tsopano muli ndi mamita a kiyubiki 750 okha. Ngakhale titenge 4 poti ndi pulasitiki, ndi makilowati 35. Ya 80 ija ikukwanirani n'kutsala, ndipo chotsalacho mukuchifuna poti silabu yozizira imameza kutentha kwambiri tsiku loyamba. Muikire thermostat m'chisakasamo kuti izizima ndi kuyaka yokha.

Muyatse masiku awiri musanathire, osati tsiku lomwelo. Simenti ikamafunda imapuma, mpweya wa m'timabowo take umatuluka, ndipo mukathira nthawi imeneyo mudzaona timatuza ndi timaenje ngati pa chitumbuwa. Thirani kutentha kutakhazikika. Muyeze pa simenti penipeni, osati m'mwamba, ndipo pansipo papose ndi madigiri atatu mlingo umene mame amayambira kugwa.

Mzukulu_Epworth
Inini ndinoona kuti chando cha kuno chiri nani, agogo vanoti ku Dedza kumazizira kuposa.

Agogo_aMufakose
Iwe mwana, sankha chimodzi, Chishona kapena Chichewa, usatiphikire nsima ndi sadza mumphika umodzi. Koma agogo akowo sananame. Ine ndinachoka ku Dedza ndili mnyamata, ndipo chisanu cha pansi pa phiri lija ndimachimvabe m'mawondo. Tinkapita kusukulu titafumbata mwala wootcha pamoto. Kuno chimene chimapweteka ndi kamphepo kouma kaja ka Julayi, kong'amba milomo.

Mzukulu_Epworth
Pepani agogo, ndikuphunzira. Ndinabadwira konkuno.

NaPhiri_Mabvuku
Musamukalipire, bola akuyesa. Anga atatu ngakhale moni sadziwa, tikakwera basi ya ku Blantyre amayamba kundigwira chitenje tikangodutsa pa Nyamapanda.

Kampopi
Dedza ndi Harare n'chimodzimodzi, onse ali pamwamba. Amene sanagonepo ku Marondera kapena ku Nyanga mwezi wa Juni asanene kanthu za chisanu.

Wamagetsi_Tafara
Mwafika ku Dedza pomwe funso lalikulu simunalifunse. Hita imeneyi dzina ndi ya dizilo, koma popanda magetsi ndi chitsulo chabe. Fani, pampu, zothetheka zija, kabokosi koyang'anira moto, zonse ndi magetsi. Tili ku Harare abale. Mwaiwala 2019, ndi kumapeto kwa 2022 madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, tikukhala maola 18 mumdima? Mayunitsi 7 ndi 8 a pa siteshoni ya magetsi ya ku Hwange anathandizako, koma ndani pano angalumbire kuti ZESA, kampani ya magetsi, sichotsa usiku wonse?

Ndipo vuto si kuzizira kokha. Makina amenewa ukawazimitsa bwino, moto umazima koma fani imapitiriza kuzungulira mphindi zingapo kuziziritsa chigubu. Magetsi akathima mwadzidzidzi, fani imaima chigubu chili chofiira, kutentha kulibe kopita. Kamodzi kawiri palibe kanthu, kachitetezo kamangodula ndipo mumakadina. Koma zikachuluka chitsulo chimapindika, kenako chimang'ambika, ndipo chikang'ambika utsi ukulowa m'mphepo yoyera ija inu osadziwa. Kampopi wasanduka chikopa. Chimodzimodzi mnyamata wozimitsa pozula pulagi.

Iyendereni pa jenereta kuyambira pachiyambi. Ya makilowati 80 siifuna magetsi ambiri, koma mota ikamadzuka imakoka kangapo kuposa mmene imakokera ikuyenda, ndiye musatenge kajenereta ka pa saluni. Werengani kachitsulo kolembedwa pa hitapo. Jeneretayo ikhalenso kunja, utsi wake kutali ndi kumene hita ikukokera mphepo.

Kampopi
Eya, kumata mipopi kuja. A Kapitawo, musanasayine pepala la lendi, auzeni aiyatse pabwalo pawo. Imani kukamwa kwa mphepo mununkhize. Mukamva kafungo ka dizilo kapena maso akayamba kuyabwa, isiyeni.

Mlonda_wa_Usiku
Mphuno yokha musaikhulupirire, ndanena kale kuti wakuphayo sanunkha. Gulani kaalamu ka carbon monoxide ka mabatire, mukapachike m'chisakasamo. Ndipo munthu asagonemo. Ndikudziwa anyamata, pofunda ndi pomwe amayala katoni.

Oyilo_Wakuda
Za mtengo wa dizilo musadandaule. Ine ndili ndi madilamu a oyilo wakale wochotsa m'malole, ndikupatsani motchipa. Musefe ndi nsalu, musakanize ndi dizilo pang'ono, imayaka bwinobwino.

Wamakina_Ardbennie
Ayi, ayi. Alipo mahita opangidwira oyilo wakale, ali ndi potenthetsera oyiloyo kaye ndi mphepo ya kompuresa yomuphwanya. Iyi si imeneyo. Bowo la nozulo yake ndi laling'ono ngati nsonga ya singano, oyilo wanuyo alitseka usiku umodzi, mwaye udzaza m'chigubu, ndipo eni makina akulipiritsani. Mwezi wathawu ndinamasula ina yotere, fyuluta yake inatuluka ngati chikonyo choviika mu phula la pamsewu.

Oyilo_Wakuda
Inu amakanika mumangofuna anthu azigula zodula.

Wamakina_Ardbennie
Ine ndimadya makina akawonongeka achimwene. Ndikanafuna ndalama ndikanati thirani.

A Kapitawo, china chimene ambiri sachidziwa. Harare ili pamwamba pafupifupi mamita 1,500 kuchokera kunyanja yamchere, ndipo mphepo ya kuno ndi yopepuka, pa magawo 7 gawo limodzi palibe. Makina ambiri amachoka kufakitale atatcheredwa mphepo ya kugombe, kaya ku Italy kaya ku Durban. Akafika kuno dizilo ndi yemweyo koma mpweya wachepa, ndiye moto umafuka. Muyang'ane pa chumuni itayaka mphindi zisanu. Pazioneka kunyezimira kwa kutentha kokha. Mukaona utsi wakuda, wina atsekule kachitseko ka mphepo pa bena, poyakira moto paja, kapena aike nozulo yocheperako. Ikafuka, mwaye umaphimba kadiso koona moto kaja, makina n'kumaganiza kuti moto wazima, n'kudzitseka pakati pa usiku. Mnyamata wanu akhale ndi kansalu kopukutira kadisoko, ndipo asadine batani lofiira loyatsiranso makina kopitirira kawiri. Kudina kulikonse kukupopera dizilo m'chigubu, kachisanu ikadzayaka idzachita kuphulika ngati mfuti.

Chumuni chiloze kumwamba, chikhale ndi chipewa, chitalikirane ndi khomo, lona ndi udzu wouma wa m'mbali mwa mpanda. Ndipo ngati mu epoxy yanu kapena potsuka zida muli thina, mankhwala osungunulira penti aja, mphepo ya m'chisakasa musaibwezere ku hita, izikoka yakunja yokhayokha.

Safunsa77
Nanga dizilo wa usiku amuyang'anira ndani? Poti malita 8 pa ola pa pepala amasanduka 15 kukakhala makombi, maminibasi aja, pafupi.

Mlonda_wa_Usiku
Mwayamba. Chikasowa chilichonse ndi mlonda. Ikani loko pa dilamu, muviike ndodo madzulo ndi m'mawa, mulembe m'buku tonse tikuona. Ena amene amaba amabwera masana atavala tayi.

Agogo_aMufakose
Musakangane ana inu. Koma kunena zoona ine zikundidabwitsa. Ife tinkathira simenti ya mafakitale a ku Willowvale popanda zonsezi, tikamaliza timafunditsa ndi masaka ndi udzu, ndipo mpaka lero ilipo.

Wamakina_Ardbennie
Inali simenti agogo, ndipo masaka anu anali nzeru yabwino, poti simenti imadzitenthetsa yokha ikamauma, inu munkangosunga kutenthako. Ngakhale iyo mzinga siigwirizana nawo. Carbon dioxide akagwera pa simenti yaiwisi, pamwamba pamafumbutuka, mumasesa fumbi chaka chonse osatha.

Chitedze
Chabwino, ya chumuni ndavomera. Koma ndikunena ine, eni shedi ndiwo ayenera kulipira dizilo. Anasankha okha Julayi.

NaPhiri_Mabvuku
Apa pokha a Chitedze ndili nanu.

Kapitawo_Msasa
Ndabweranso akuluakulu, padutsa masiku asanu ndi limodzi. Abwana ndinawawerengera za a Wamakina pa katoni ya epoxy, koma chimene chinawagwetsa ndi fodya wa a Kampopi, poti nawonso anakulira ku Mvurwi. Anangoti, ukanayamba ndi zimenezo.

Tatenga ya 80. Yoyamba imene anatiyatsira pabwalo pawo inkafuka, tinaikana, anatipatsa ina ataisintha mphepo. Chisakasa tamanga ndi sikafodi ndi malona a malole, kukamwa kwa paipi tamangako nsalu yosefera fumbi monga ananenera mayi NaPhiri, ndipo tinakolopa pansi kawiri. Pakona paja tinatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, kenako kupala ndi makina, tsiku lathunthu linathera pomwepo. Chigawo choyamba tathira dzana madzulo simenti ili pa madigiri 16. ZESA inachotsa 10 koloko usiku, ife tinali kale pa jenereta. Lero ndayendapo ndi masokosi, chala sichikulowa, nkhope ikuoneka.

Dizilo wapita wambiri kuposa mmene tinawerengera, malona akutulutsa mphepo polumikizira ndipo hita siikupuma kwenikweni. Za amene alipire, abwana akukambirana ndi eni shedi, sizinathe. Zigawo zatsala zitatu, ndipo malona awiri eni ake akuwafuna Lolemba, lole ikupita ku Beira. Amene ali ndi lona yaikulu yosabooka kufupi ndi Msasa kapena Mabvuku andiuze, ndidzatuma mnyamata ndi ngolo.

Oyilo_Wakuda
Ndili nawo awiri.

Wamakina_Ardbennie
Muwanunkhize kaye amenewo.